BOTSWANA: Mmene ophunzira a sekondale ankaphunzirira pa intaneti m'nyengo ya Covid-19

GABORONE - Boma la Botswana lidatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, kutatsala sabata imodzi kuti lilengeze za anthu atatu oyamba kupezeka ndi Covid-19 m'dzikolo. Kumayambiriro kwa Epulo, Pulezidenti Mokgweetsi Masisi adalamula m'bindikiro wa masiku 28. Kuyambira pamenepo ophunzira a ku Broadhurst, dera la kumpoto kwa mzinda wa Gaborone komwe kuli sukulu ya Ledumang Senior Secondary, adayenera kuphunzirira kunyumba monga anzawo m'dziko lonse.

Nkhawa yaikulu idali pa mayeso. Ku Botswana ophunzira a Fomu 3 amalemba mayeso a JCE omwe amawatsegulira njira yopita ku Fomu 4, pamene a Fomu 5 amalemba a BGCSE omwe amawalowetsa kuyunivesite. N'chifukwa chake makalasi olemba mayeso ndiwo adayamba kubwerera kusukulu mu Juni 2020. Komabe sukulu za mu Gaborone zidatsekedwanso kumapeto kwa Julayi chaka chomwecho, ndipo za m'dziko lonse zidatsekedwanso mu Julayi 2021 matendawa atakula.

Njira zophunzirira

Unduna wa zamaphunziro udaulutsa maphunziro pa wailesi yakanema ya Btv ndi pa Radio Botswana. Pa intaneti, chida chomwe mabanja ambiri adali nacho ndi foni yam'manja, osati kompyuta. Aphunzitsi ankatumiza notsi ndi mafunso m'magulu a WhatsApp, ndipo wophunzira ankawerenga pa nthawi yomwe foni yapezeka. M'banja lokhala ndi foni imodzi, mwana ankadikira kholo kuti liweruke kuntchito. Mtengo wa intaneti pa Mascom, Orange kapena BTC udachititsanso kuti mauthenga olembedwa akhale osavuta kulandira kusiyana ndi mavidiyo.

Vuto la njira zimenezi lidali lakuti mphunzitsi sankadziwa ngati wophunzira wamvetsa, kapenanso ngati wawerenga n'komwe.

Zomwe kafukufuku adapeza

Mu 2020 bungwe la Young 1ove, lomwe tsopano limatchedwa Youth Impact, lidachita kafukufuku pa mabanja pafupifupi 4,500 a ana a pulayimale m'Botswana. Mabanja ena ankalandira mafunso a masamu pa SMS pokha, ena ankalandira mafunsowo komanso kuimbiridwa foni sabata iliyonse kwa mphindi 15 mpaka 20. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa m'magazini ya Nature Human Behaviour mu 2022, zidasonyeza kuti ana oimbiridwa foni adapita patsogolo pa masamu, pamene SMS payokha sidasinthe zambiri.

Ngakhale kafukufukuyu adakhudza ana aang'ono, adaunikira vuto lomwe a sekondale adakumana nalonso: kutumiza notsi n'kosavuta, koma chidwi cha wophunzira chimalimba pamene pali munthu womufunsa ndi kumuyankha.

Malamulo apadera olimbana ndi mliriwu ku Botswana adatha pa 30 Sepitembala 2021.