Kuchokera m'khola kukafika pachitsime: mawu a ukhondo wa madzi ku Nthalire

Ku Nthalire, kummwera kwa boma la Chitipa, m'munsi mwa mapiri a Nyika, ng'ombe ndi chuma cha banja. Koma mvula ikagwa, zonyansa za m'khola ndi za m'chimbudzi zimatsetsereka ndi madzi kulowera kudambo, komwe amayi amatunga. Alangizi a zaumoyo ali ndi mawu awo ofotokozera ulendo umenewu, ndipo woweta aliyense ayenera kuwamvetsa.

Madzi oyera ndi amene maso awavomereza. Madzi otetezeka ndi amene alibe tizilombo toyambitsa matenda. Madzi a m'chitsime atha kukhala mbee koma ali ndi mabakiteriya osaoneka. Akatswiri akamayeza madzi amafufuza E. coli, kachilombo kokhala m'matumbo a anthu ndi a ziweto. Kakapezeka, ndi umboni woti chimbudzi kapena ndowe zalowamo. Bungwe la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Ndowe zimabweretsa matenda otsekula m'mimba, pamene kolera ndi tayifodi zimachokera m'chimbudzi cha munthu. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi.

Ndowe ndi manyowa n'zosiyananso. Ndowe zaziwisi zili ndi tizilombo tamoyo. Manyowa ndi ndowe zimene zaunjikidwa pamodzi ndi mapesi, udzu ndi phulusa mpaka kuwolerana. Mulu wa chimato, womatidwa ndi dothi, umatentha mkati moti ukazikamo ndodo imatuluka yofunda. Kutentha kumeneko n'kumene kumapha tizilombo tambiri. Manyowa akapsa amada, amafumbutuka m'manja, ndipo fungo la khola limatha. Choncho mlimi wopanga manyowa amadyetsa munda wake, kwinaku akuteteza chitsime cha mudzi.

Zonyansa zimayenda njira ziwiri. Pamwamba zimakokoloka ndi madzi a mvula, n'chifukwa chake khola limafuna ngalande yopatutsa madzi, ndipo ng'ombe zimafuna pomwera pawo, kumunsi kwa potunga anthu. Pansi zimalowerera m'nthaka mpaka kukumana ndi madzi amene mjigo umapopa. Nthaka imasefa, koma imafuna mtunda. Langizo lodziwika ndi loti chimbudzi chokumba chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, chakumunsi kwake, ndipo dzenje lisafike pamadzi.

Nyumba zokhala ndi chimbudzi chamadzi zimadalira thanki ya sepitiki. M'thankimo zolemera zimadikha pansi, madzi n'kupita m'dzenje lamiyala kuti alowe m'nthaka. Madzi amenewo amatuluka akadali ndi tizilombo. Thanki yong'aluka kapena yosapopedwa ndi yoopsa kuposa chimbudzi chokumba chosamalidwa bwino.

Chitsime chotetezedwa chimakhala ndi chivindikiro, simenti yosang'aluka mozungulira, ngalande yotayira madzi, ndi mpanda woletsa ziweto. Pakhomo, madzi awiritsidwe kapena athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30, asungidwe m'ndowa yovindikira, ndipo pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo.

Mafumu, makomiti a mijigo ndi oweta a ku Nthalire, mvula isanayambe yenderani chitsime chilichonse, muyeze mtunda wochokera kukhola ndi kuchimbudzi, ndipo chimene chayandikira chisunthidwe.