Motoka ikafa, bodi imapita kuti?

Mu 1959, makalavani 41 a Airstream ananyamuka ku Cape Town kulowera ku Cairo. Anali a anthu a ku America, motsogoleredwa ndi Wally Byam, mwini wa kampaniyo, ndipo anadutsa muno dziko likali Northern Rhodesia, asanalowe mu Congo. Nyumba zokokedwa ndi motokazo zinali za aluminiyamu yokhomedwa ndi marivet ngati ndege, zonyezimira monga poto watsopano.

Patangopita zaka zochepa, ku America komweko anayamba kupanga nyumba zokhala ndi injini yakeyake, zimene amati motorhome, ndipo opanga anagawanika. A Winnebago, amene anatulutsa yawo yoyamba mu 1966, ankamata aluminiyamu yopyapyala pamwamba pa thovu louma ndi pulayiwudi. A Travco ankaumba bodi ya faiba, ija ya ulusi wa galasi wothiridwa resin, n'kuikhazika pa chasisi ya Dodge. A GMC, pakati pa 1973 ndi 1978, anangophatikiza zonse ziwiri.

Eni ake a motoka zakalezi akukanganabe mpaka lero. Aluminiyamu imaphwanyika msanga, mwala wochepa chabe umaipinda, koma ungamasule chigamba choonongekacho n'kuika china. Imadontha molumikizira, ndipo matabwa a mkati amaola mwakachetechete. Faiba ndi yosalala ndipo sipindika, koma dzuwa limaisuwitsa ndi kuing'amba timing'alu. Pamene inamatidwa pa pulayiwudi, madzi akalowa guluu amalekerera, khoma n'kutupa ngati chithupsa.

Kuno motorhome timangoiona ikudutsa ndi alendo opita ku Livingstone kapena ku South Luangwa. Koma zinthu ziwirizi takhala nazo kalekale. Land Rover, imene inatuluka ku Britain mu 1948, inapatsidwa bodi ya aluminiyamu chifukwa nkhondo itatha chitsulo chinali chosowa ndipo boma linkagawa mochepa. Ndiyo inali motoka ya a DC, apolisi ndi amishoni, ndipo pambuyo pa 1964 boma lathu linapitiriza kuigwiritsa ntchito. Yang'anani yakale yofera kumbuyo kwa garaji mu Matero kapena mu Chawama. Chasisi chinadyedwa ndi dzimbiri, koma zitseko zikali bwino, kupatula pamene aluminiyamu inagundana ndi bawuti ya chitsulo, pamene pamatuluka ufa woyera. Faiba inabwera pambuyo, makamaka ngati kanopi ya pa vaneti.

Ku America mkangano umathera pa funso la imene ikhalitsa pa msewu. Mu komboni umaweruzidwa motoka itafa kale, ndipo apa aluminiyamu imapambana kutali. Imasungunuka pa madigiri 660, pomwe chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Moto wa malasha wopemereredwa bwino umakwanitsa 660. N'chifukwa chake mnyamata wotola sikirapu mu Kanyama kapena mu George amadziwa kuti chimene maginito akana ndicho chili ndi mtengo pa sikelo. Mapisitoni, zikuto za giyabokosi, zigamba za bodi ndi zitini za zakumwa zimasungunulidwa, n'kuthiridwa m'chikombole cha mchenga, n'kutuluka mapoto olimba aja a ku Soweto Market, amene amaphika nsima ya pamaliro ndi pa kitchen party. Pali vuto limodzi limene ogulitsa satchula. Sikirapu ikasakanikirana ndi zidutswa zokhala ndi lead, monga za mabatire kapena maradiyeta akale, poto amatha kusiya poizoniyo m'chakudya, makamaka ndiwo zowawasa za tomato, ndipo ana ndiwo amavulala kwambiri.

Faiba ilibe moyo wachiwiri wotere. Resin ikauma yauma, siisungunukanso. Ukaiponya pamoto imangotulutsa utsi wakuda wotsamwitsa n'kusiya ulusi woyabwa. Wa sikelo saifuna ngakhale yaulere. Kuikonza n'kosavuta, inde, ndipo mmisiri wokhala ndi nsalu ya galasi, resin ndi burashi amamata kanopi tsiku limodzi, pomwe kuwotcherera aluminiyamu kumafuna makina amene magaraji ambiri a m'mbali mwa msewu alibe. Koma ikasweka kotheratu, kanopi imakathera pa khola la nkhuku kapena padenga la kantemba, itapanikizidwa ndi mabuloko kuti mphepo ya mu August isaiulutse.