Mzinda Umene Udaŵerenga Anthu, Osati Magalimoto

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mzinda ukamakula anthu amakondwera ndi kuchuluka kwa ntchito ndi malonda, koma pambuyo pake pamadza kuthithikana kwa magalimoto, utsi ndiponso ngozi za pamsewu. Mizinda yolemera imachepetsa vutoli pokumba njanji za pansi pa nthaka. Nanga mzinda wopereŵera chuma ungatani? Yankho limodzi lidachokera ku Curitiba, likulu la chigawo cha Paraná, kummwera kwa dziko la Brazil.

M'chaka cha 1960 mzindawu udali ndi anthu pafupifupi 360,000, koma pofika 1970 chiŵerengerocho chidapitirira 600,000 popeza ambiri ankachoka kumidzi kudzafuna ntchito. Nzeru yofala masiku amenewo idali yogumula nyumba ndi kukuza misewu. Koma Jaime Lerner, katswiri wolemba mapulani a nyumba amene adakhala meya mu 1971, adaona kuti msewu ukakula umangoitana magalimoto ena. Kwa iye, chofunika chidali kudziŵa kuti msewu ukunyamula anthu angati, osati magalimoto angati.

Mu 1972 adalamula kuti mbali ina ya msewu wa malonda wotchedwa Rua XV de Novembro ikhale ya oyenda pansi okha. Podziŵa kuti eni sitolo akadandaula ku bwalo la milandu, antchito adayamba kuyala miyala Lachisanu madzulo ndipo adatsiriza m'masiku atatu. Oyendetsa magalimoto atapangana zodutsamo mwamakani, adapeza ana ali mbwee pansi, akujambula zithunzi pamapepala oyalidwa mumsewumo. Adabwerera. Posakhalitsa malonda adakwera, ndipo eni sitolo omwewo adapempha kuti mbali yotsekedwayo italikitsidwe.

Ntchito yaikulu idayamba mu 1974 pamene pakati pa misewu ikuluikulu adapatulapo njira za mabasi okhaokha. Motero basi yonyamula anthu ambiri sinkaimanso pambuyo pa galimoto ya munthu mmodzi. Lamulo lidalola nyumba zazitali zosanja kumangidwa m'mbali mwa njira zimenezi, kuti anthu ochuluka akhale pafupi ndi pokwerera. Mu 1980 adakhazikitsa mtengo umodzi wa ulendo, waufupi kapena wautali, ndipo munthu ankasintha basi padepoti osalipiranso. Izi zidapepuza amphaŵi, amene ambiri adali kukhala kutali ndi pakati pa mzinda.

Akuluakulu a mzindawo adaonanso kuti basi imataya nthaŵi yambiri ili chiimire, anthu akukwera masitepe ndi kufunafuna ndalama m'matumba. Choncho mu 1991 adamanga zokwerera zagalasi zooneka ngati mipope ikuluikulu. Munthu amalipira poloŵa mumpopemo, ndipo pansi pake mpolingana ndi pansi pa basi, kotero kuti zitseko zikatseguka anthu amaloŵa ndi kutuluka m'kanthaŵi kochepa. Mu 1992 kudabwera mabasi a zigawo zitatu, onyamula anthu 270. Umo ndimo basi idagwirira ntchito ya sitima pa mtengo wochepa kwambiri.

Mizinda ina idatengera nzeruyi: Bogotá ku Colombia mu 2000, Johannesburg mu 2009 ndi Dar es Salaam mu 2016.

Komabe nkhondoyi siidathere pomwepo. Patapita zaka, anthu a ku Curitiba amene adapeza bwino adagula magalimoto awo, okwera mabasi adayamba kuchepa, ndipo mzindawo udakhala umodzi mwa mizinda ya magalimoto ochuluka m'Brazil. Lerner adamwalira mu 2021, koma njira zake za mabasi zikugwirabe ntchito. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti mzinda wosauka ungathe kuyendetsa anthu ake bwino ndi mabasi ndi misewu imene uli nayo kale. Koma monga munda umene sulimidwa kamodzi, njirazo zimafuna kusamalidwa ndi kuwonjezeredwa chaka ndi chaka, apo ayi amene ali ndi ndalama amabwerera ku galimoto, osauka natsala pamzere.