Dzina la pepper linasiya mwini wake ku India

Mngelezi akati pepper amatchula dzina lobwereka, ndipo mwini dzinalo anaiwalika kalekale. Mwiniyo ndi pippali, chomera choyanga cha ku India cha zipatso zazitali, zokhakhala, zoyabwa kukhosi. Dzinali ndi la Chisanskrit.

Amalonda atafika nacho kwa Agiriki, lilime linapinda dzinalo n'kukhala peperi. Theophrastus, wophunzira wa Aristotle, analemba za mitundu iwiri ya tsabola, wautali ndi wobulungira, pafupifupi zaka 300 Yesu asanabadwe. Aroma analidulanso, likhale piper.

Ku Roma n'komwe zinthu zinasokonekera. Zombo zinkanyamuka ku Egypt, n'kukankhidwa ndi mphepo ya monsoon mpaka ku doko la Muziris, kum'mwera kwa India, komwe kunkalimidwa tsabola wakuda. Wolemba mabuku Pliny, amene anamwalira mu 79, analemba mitengo yake: paundi ya wautali madinari 15, woyera 7, wakuda 4. Mkuluyu ankadandaula kuti anthu akutayira chuma pa kanthu kopanda kutsekemera kapena maonekedwe, koma ndani anamumvera? Mu 408, mfumu Alaric atazinga mzinda wa Roma, pa dipo lomwe anafuna panali mapaundi 3,000 a tsabola. Wakuda wotchipa uja ndiye anadzaza msika, ndipo pang'onopang'ono analanda dzina, monga mlendo wopempha pogona amene mawa lake wayamba kugawa minda.

Kuchokera ku piper, Chingelezi chakale chinapeza pipor, Chijeremani Pfeffer, Chifalansa poivre.

Columbus anawonjezera chisokonezo. Pa ulendo umene anauyamba mu 1492, akusaka njira ya ku India, anapeza anthu a ku Caribbean akudya zipatso zowawa zotchedwa aji, ndipo Asipanya anazipatsa dzina la tsabola amene ankamufunayo. Chomeracho n'chachibale cha matimati ndi mbatatesi, osati cha pippali. Katswiri wa zomera Linnaeus anazilekanitsa bwinobwino mu 1753, uyu Piper, uyo Capsicum, koma ophika sanasinthe kanthu, ndipo sindikuwaimba mlandu: chowawa n'chowawa.

Pali njira inanso imene dzinali linadzera. Anthu a ku Perisiya anati pilpil. Aluya, poti alibe p, anati filfil. Pagombe la Aswahili linakhala pilipili. Piripiri wa pa nkhuku yootcha ku Mozambique ndi yemweyo, ngakhale kuti mbewu yake inabwera ndi Apwitikizi kuchokera ku America.