Chipata ndi Ana Ake a Koleji: Ma Boarding House Anayamba Bwanji?

Amene anayala misewu yoyamba ya Chipata sankaganiza za ophunzira. Asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoni a mfumu Mpezeni mu 1898, azungu anamanga boma lawo pakati pa mapiri, pamene pali Chipata lero, nalitcha Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Unali mzinda wa akuluakulu a boma, alimi a fodya ndi amwenye a masitolo.

Maphunziro atayamba kukula, anabwera ndi bedi lake. Mwana wosankhidwa kupita ku Chizongwe kapena ku St. Monica's ankanyamula thiranki yake akudziwa kumene akagone. Ku koleji ya aphunzitsi ndi ku sukulu ya anamwino, ya pa chipatala chachikulu kapena ya ku Mwami, zinalinso chimodzimodzi: kawirikawiri sukulu inkatenga ophunzira molingana ndi malo ogona amene inali nawo. Anthu a komboni ya Kapata sankadandaula ndi ana a koleji chifukwa sankakhala nawo mpanda umodzi.

Zinthu zinayamba kutembenuka ku Lusaka. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312 okha. Chiwerengero chinakwera kufika pa zikwi zambiri, koma mahositelo anatsalira m'mbuyo. Ophunzira anayamba "kuskwata", kutanthauza kugona ambirimbiri m'chipinda chomangidwira anthu awiri, ndipo ena anasefukira kumadera apafupi a Kalingalinga ndi Kalundu. Eni nyumba anaona msika. Nyumba ya banja limodzi inadulidwa tizipinda, mabedi osanjikiza analowa, ndipo lendi inayamba kuwerengedwa pa "bed space", osati pa nyumba.

Mphepo yomweyo yafika kum'mawa. Makoleji ndi mayunivesite omwe si aboma achuluka m'dziko, ndipo DMI-St. Eugene University ili ndi nthambi yake ku Chipata. Mu 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda. Mu 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka giredi 12, ndipo ndalama za chitukuko cha madera a aphungu (CDF) zinayamba kulipirira achinyamata ambiri maphunziro a ntchito zamanja. Zonsezi ndi zabwino, ndipo ine ndimazikondwerera. Koma mwana aliyense wobwera kuchokera ku Lundazi, Chadiza kapena Petauke amafuna pogona, madzi osamba ndi chimbudzi.

Apa ndi pamene pagona nkhawa ya anthu oyandikana ndi masukuluwa. Chimbudzi chokumba chimene chinkakwanira banja limodzi sichingapirire anthu a nyumba yodzaza mabedi, ndipo mvula ikagwa zonyansa zimatsikira kwa woyandikana naye wa kumunsi. Aliyense amene akukumbukira kolera ya 2023 ndi 2024, imene inachedwetsa kutsegulira kwa masukulu m'dziko lonse, sangatenge nkhaniyi mopepuka. Palinso lendi. Landilodi akawerenga kuti mabedi amam'patsa zochuluka kuposa banja, mphunzitsi kapena wogulitsa pa msika amapatsidwa notisi. Za phokoso la usiku anthu amazinena kwambiri, koma chondipweteka ine ndi mtsikana wa chaka choyamba amene akugona m'nyumba yopanda loko wabwino, yopanda woyang'anira, akuyenda mumdima pochokera ku kalasi.

Sindikuweruza eni nyumba. Amayi amasiye ndi opuma pantchito ambiri akulera adzukulu ndi ndalama ya tizipinda timeneti, ndipo popanda iwo ana ena akanabwerera kumudzi.

Nkhani ya malo ndiyo ikubwera molemera. Chipata yapanikizidwa ndi mapiri, choncho sukulu yofuna kukula imayang'ana ku minda ya m'malo a mafumu. Munda ukapita, banja limene linkalima chimanga ndi mtedza pamenepo liyenera kumva nkhaniyo pa bwalo, mfumu ndi anthu ali pomwepo, osati kuiona koyamba pa zikhomo za opima malo.

Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti anthu atengeko mbali pa mapulani a madera awo. Khonsolo ya mzinda wa Chipata igwiritse ntchito lamuloli: ilembe m'kaundula ma boarding house onse, iyendere zimbudzi ndi madzi ake, ndipo isavomereze pulani ya makalasi atsopano imene sikuonetsa kumene ophunzirawo adzagone. Inunso okhala pafupi ndi koleji, msonkhano wa komiti ya chitukuko ya wadi yanu ukaitanidwa, pitani mukafunse za kumene ophunzira adzagone maziko asanakumbidwe.