Kamangidwe ka makolo pa sukulu za ana othawa nkhondo

Dziko la Zambia lakhala likulandira anthu othawa nkhondo kuyambira zaka zoyambirira za ufulu. Malo a Mayukwayukwa m'boma la Kaoma anatsegulidwa mu 1966, a Meheba m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo mu 1971, ndipo a Ukwimi kufupi ndi Petauke analandira anthu a ku Mozambique kuyambira mu 1987. Malo a Mantapala m'boma la Nchelenge anatsegulidwa mu 2018 kaamba ka anthu ocokera ku Democratic Republic of Congo. Kulikonse kumeneku, cakudya ndi madzi zikapezeka, nkhani yotsatira imakhala ya sukulu.

Kawirikawiri ana amayamba kuphunzirira m'matenti. Tenti imatentha koopsa m'mwezi wa Okutobala ndipo siicedwa kung'ambika, pamene simenti ndi zitsulo zimadula kwambiri zikafika kumalo akutali ndi mizinda. Ici ndiye cifukwa cake amisiri ena amabwerera ku nzeru za makolo.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya njerwa za dothi zoumba m'cikombole ndi kuziyanika padzuwa. Kum'mawa kulinso mdindo, pamene dothi lacinyezi limatsiridwa pakati pa matabwa ndi kulisinja mpaka khoma litakwera. Khoma ladothi locindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono, motero m'cipinda mumakhala mozizira masana pamene ana ali pa maphunziro. Denga la udzu nalo silisokosa mvula ikamagwa. Pansi pa malata mphunzitsi amaleka kulankhula kufikira mvula itakata. Cinanso cacikulu n'cakuti makolo a anawo amaidziwa kale nchito imeneyi. Amatha kuumba, kumata ndi kufolera, ndipo khoma likang'aluka sayembekezera munthu wocokera ku Lusaka kuti adzalikonze.

Adani a nyumba yadothi ndi madzi ndi ciswe. Makolo anali kukweza ciundo ndi kutulutsa denga kuti lipange khonde, kotero kuti mvula siimenya khoma. Amisiri a masiku ano amawonjezerapo maziko a miyala, komanso simenti pang'ono m'dothi asanalipane ndi makina a manja. Njerwa zotere sizifuna kuocha, ndiye mitengo imapulumuka. Ku Malawi boma linakhazikitsa malamulo mu 2018 oletsa njerwa zoocha pa nchito zikuluzikulu za zomangamanga.

Citsanzo cochuka ndi sukulu ya m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, imene Francis Kéré anamanga pamodzi ndi anthu akwawo mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa za dothi, ndipo malata anawakweza m'mwamba kuti mpweya wotentha uzituluka. Siinali sukulu ya othawa nkhondo, koma inaonetsa kuti dothi si cizindikiro ca umphawi. Kéré analandira mphoto ya Pritzker mu 2022.

Komabe si onse othawa nkhondo amene amakhala kumalo amene boma linapatula. Ena ali mu Lusaka, m'makomboni monga Chawama, George ndi Kanyama, ndipo ana awo amaphunzira pamodzi ndi ana a dziko lino m'sukulu za boma ndi za anthu a m'dera. Kumeneku zinthu n'zosiyana. Mu Chibolya, pafupi ndi msika wa Soweto, ndiponso mu Kanyama, pansi pali thanthwe la mwala wa laimu. Dothi loumbira n'locepa, udzu wofolera kulibe, ndipo nyumba n'zothithikana kotero kuti denga la udzu lingafalitse moto msanga. M'dzinja madzi amadzaza m'mabwalo kwa masiku ambiri, ndipo khoma ladothi loima m'madzi limasungunuka kuyambira pansi.

Motero womanga sukulu mu Chibolya sangakopere nyumba ya kumudzi monga mmene iliri. Cimene angatengeko ndi ciundo cokwera, comangidwa ndi miyala imene amayi a m'makomboni amaphwanya m'mbali mwa misewu, khonde lotambalala ndi mipata yolowetsa mphepo pansi pa denga. Cimbudzi naco ciyenera kukwezedwa ndi kumatidwa bwino mkati, pakuti madzi a pansi ali pafupi ndipo amadutsa m'ming'alu ya thanthwe kukafika ku zitsime. Kolera inakantha Kanyama mu 2017 ndi 2018, ndipo mu 2024 matenda omwewa anacititsa kuti sukulu za m'dziko lonse zisatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale.