Kasankhidwe ka Hotela Yapamwamba M'mphepete mwa Nyanja ya Malawi

Chaka ndi chaka, makamaka pa nyengo ya Pasaka, pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndi pa Khirisimasi, anthu ochuluka amapita kukapuma ku nyanja. Pakati pawo pamakhala mabanja, ongokwatirana kumene, makopaletivi a alimi ndi magulu a amalonda omwe amakachititsako misonkhano yawo yapachaka. Ndalama zolipirira maulendo oterewa nthawi zambiri zimakhala za zokolola za chaka chonse kapena zosonkherana pagulu, ndipo zikaperekedwa pamalo olakwika sizibwerera msanga. Upamwamba wa hotela sudziwika ndi zithunzi zokha kapena kukwera kwa mtengo. Umadziwika ndi zinthu zomwe munthu angathe kufunsa, kuona ndi kulembetsa asanalipire kalikonse.

Chiphaso ndi nyenyezi

Malamulo a dziko lino amafuna kuti malo aliwonse ogona alendo, kaya ndi hotela, loji kapena nyumba ya alendo, akhale ndi chiphaso cha boma chochokera ku nthambi yoona za zokopa alendo. Chiphaso chimasonyeza kuti malowo ndi odziwika kuboma ndipo aloledwa kulandira alendo. Mlendo ali ndi ufulu wopempha kuchiona, ndipo ayenera kuonetsetsa kuti sichinathe ntchito komanso kuti dzina lolembedwapo ndi la malo omwewo.

Nyenyezi ndi nkhani ina. Boma limayesa malo ogona alendo ndi kuwapatsa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, potengera zinthu monga mamangidwe, ukhondo, zipangizo za m'zipinda, chakudya ndi kalandiridwe ka alendo. Si malo onse okhala ndi chiphaso omwe anayesedwa motero. Nyenyezi zomwe mwini malo wadzijambulira pa chikwangwani, kapena zomwe alendo amapereka pa masamba a intaneti, n'zosiyana ndi za boma. Hotela ikamadzitcha ya nyenyezi zinayi, funso loyenera ndi lakuti anaipatsa ndani, nanga chaka chiti.

Madera a m'mphepete mwa nyanja

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, choncho kusankha dera kumayamba, kusankha hotela n'kubwera pambuyo. Chinthu chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti maboma a Salima ndi Mangochi sali pa gombe lenilenilo. Hotela ikhoza kulemba kuti ili ku Salima kapena ku Mangochi pomwe nyanja ili kutali.

Kwa ochokera ku Lilongwe, malo apafupi ndi Senga Bay. Kuchoka mumzindawu kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo gombe lili makilomita ena pafupifupi 20 kutsogolo. Kumeneko kuli mahotela monga Sunbird Livingstonia Beach ndi Sunbird Waterfront. Chifukwa cha kufupika kwa ulendo, dera limeneli limakondedwa pa misonkhano ndipo limadzaza kumathero a sabata.

Ochokera ku Blantyre ndi Zomba amadzera msewu wa M3 kufika pa boma la Mangochi, lomwe lili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Blantyre. Mahotela akuluakulu, monga Sunbird Nkopola ndi Makokola Retreat, ali chakumpoto kwa bomali, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay.

Kupitirira Monkey Bay kuli Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu yake ya nsomba, makamaka mbuna. Malo ogona ambiri kumeneko ali m'mudzi wa asodzi wa Chembe, moyandikana ndi nyumba za anthu, ndipo gombe lake limagwiritsidwanso ntchito ndi eni mudzi. Wofuna bata lenileni afunse ngati malowo ali pakati pa mudzi kapena pambali. Polowa m'paki pamakhala malipiro apadera omwe kawirikawiri sakhala m'gulu la mtengo wa chipinda.

Chakumpoto, msewu wa M5 umadutsa ku Nkhotakota, Chintheche ndi Nkhata Bay. Chintheche imadziwika ndi mchenga woyera, pomwe gombe la Nkhata Bay ndi lamiyala ndi lotsetsereka, kotero kuti malo ambiri ogona ali ndi masitepe omwe angavute okalamba ndi aulumali. Ku chilumba cha Likoma, komwe kuli Kaya Mawa, anthu amapita pa ndege yaing'ono kapena pa sitima, monga Ilala yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Wopita ku Likoma ayenera kutsimikiza kaye za tsiku la sitima kapena ndege asanalipire chipinda. Mayina atchulidwawa ndi zitsanzo chabe, ndipo mafunso ali m'munsimu ngofunika pa hotela ina iliyonse.

Nyengo ndi kukwera kwa madzi

Nyanja siikhala chimodzimodzi chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa yomwe imautsa mafunde aakulu ndipo imatha kuimitsa maulendo a maboti kwa masiku angapo. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amakhala abata koma kumatentha kwambiri, moti chipinda chopanda makina oziziritsa kapena fani chimasowetsa tulo. M'nyengo ya mvula, misewu yafumbi yolowera ku malo ena imavuta kwa galimoto zazing'ono.

Madzi a m'nyanja amakwera kwambiri chakumapeto kwa dzinja, cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo amatsika pofika Novembala ndi Disembala. Mu 2024 madzi anakwera kuposa momwe anachitira kwa zaka zambiri, mpaka analowa m'zipinda ndi m'malo odyera a mahotela ndi maloji ena ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo mchenga wa magombe ambiri unamira. Chithunzi chakale chikhoza kuonetsa gombe lomwe lero kulibe. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha zithunzi kapena kanema wojambulidwa sabata yomweyo, woonetsa chipinda chenichenicho, bafa lake ndi gombe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumpoto kwa nyanja nthawi zina kumabuka nkhungu, tizilombo touluka tomwe timaoneka ngati utsi pamwamba pa madzi ndipo timadzaza pa nyali usiku. Sitiluma, ndipo kupezeka kwake sikusonyeza uve wa hotela.

Madzi, magetsi ndi umoyo

Apa ndi pomwe hotela yapamwamba imasiyanirana ndi yongokongola kunja. Magetsi a ESCOM akazima, pamafunika jenereta kapena sola. Sikokwanira kumva kuti jenereta ilipo. Mlendo afunse ngati imayaka usiku wonse, komanso ngati imayendetsa makina oziziritsa m'zipinda, pampu ya madzi ndi mafiriji a kukhitchini. Nsomba ndi nyama zimaonongeka msanga m'dera lotentha firiji ikaleka kugwira ntchito.

Malo ena amalandira madzi kuchokera ku mabungwe ogawa madzi, ena ali ndi mijigo yawo, pomwe ena amapopa m'nyanja momwemo. Funso ndi lakuti madziwo amatetezedwa motani asanafike pa mpopi ndi kukhitchini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, ndipo unasonyeza kuti nkhani ya madzi siyochepa.

Dera lonse la kunyanja kuli malungo chaka chonse. Bedi lililonse liyenera kukhala ndi neti yosang'ambika, ngakhale m'chipinda muli makina oziziritsa. Likodzo nalo limapezeka m'madera ena, makamaka pa madzi odikha, osaya, a mabango ndi udzu, pomwe pamakhala nkhono zofalitsa matendawa. Hotela yachilungamo imauza alendo poyera malo oyenera kusambira. Zizindikiro za likodzo zimachedwa kuoneka, choncho yemwe wasambira m'nyanja n'kuyamba kumva thupi mosiyana kapena kuona magazi m'mkodzo pakapita masabata, apite kuchipatala ndi kukanena kuti anali kunyanja.

Chitetezo pamadzi

Hotela yomwe imatengera alendo pa boti iyenera kukhala ndi majekete opulumutsira okwanira aliyense, kuphatikizapo a ana, ndi woyendetsa wodziwa nyanja. Pa gombe ndi pa dziwe losambira pakhale munthu woyang'anira, makamaka pa masiku a tchuthi pomwe anthu amachuluka ndipo ena amalowa m'madzi atamwa mowa. Malo oyandikana ndi mathiriro a mitsinje ndi madambo amakhala ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo kusambira usiku n'koopsa paliponse. Ndi bwinonso kudziwa kutalika kwa ulendo wopita ku chipatala chapafupi, ndi ngati hotelayo ili ndi galimoto yothandizira pa ngozi.

Mitengo ndi kalipiridwe

Mtengo wonenedwa pa foni si umboni. Mlendo apemphe kotesheni yolembedwa, yokhala ndi dzina la hotela, masiku, mtundu wa chipinda ndi ndalama zonse. Kotesheniyo inene momveka ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati muli kadzutsa yekha kapena zakudya zonse zitatu, momwe ana amalipirira, komanso ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo waphatikizidwa kale. Misonkho ikabwera pamapeto, bilu imakwera kuposa momwe munthu anakonzera.

Mahotela ambiri apamwamba ali ndi mtengo wa okhala m'dziko muno wosiyana ndi wa alendo akunja, ndipo chiphaso cha unzika chimathandiza kuti munthu alipire mtengo woyenera. Mtengo ukalembedwa m'madola, mlendo apemphe kuti aulembenso m'makwacha ndi kunena tsiku lomwe udzathere mphamvu.

Dipoziti iperekedwe ku akaunti ya banki kapena nambala yamalonda ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yokhala m'dzina la hotelayo, osati la munthu. Akuba amatha kutsegula masamba a Facebook ndi manambala a WhatsApp pogwiritsa ntchito zithunzi za mahotela enieni. Njira yodalirika ndiyo kuimba nambala ya hotela yopezeka kwina, kapena kutuma munthu wodziwika kuti akafike pamalopo. Malamulo a kubweza ndalama ulendo ukalephereka alembedwe dipoziti isanaperekedwe, ndipo pa ndalama iliyonse patuluke lisiti lovomerezeka.

Misonkhano ya magulu

Kopaletivi kapena gulu la amalonda lomwe likukonza msonkhano litume anthu awiri kukaona malowo. Aone kukula kwa holo, mipando, zokuzira mawu, zimbudzi ndi poimika galimoto, ndipo awerenge okha zipinda zomwe alonjezedwa. Zimachitika kuti hotela ikadzaza, ena mwa alendo amatumizidwa ku malo oyandikana nawo otsika ulemu pa mtengo womwewo. Pangano linene kuti izi sizidzachitika popanda chilolezo cha gulu, ndipo lisayinidwe ndi mbali zonse ziwiri. Afunsenso ngati pa masiku omwewo padzakhale ukwati kapena zoimbaimba, poti phokoso la usiku limasokoneza zokambirana ndi tulo.

Kokadandaula

Zolonjezedwa zikapanda kukwaniritsidwa, dandaulo liyambe kwa manejala wa hotela mlendo asanachoke, ndipo lilembedwe. Zikakanika pamenepo, nkhani ikhoza kupita ku nthambi ya boma yoona za zokopa alendo, yomwe imapereka ziphaso, kapena ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limateteza ogula ku malonda achinyengo. Nkhani za kubedwa ndalama zipite ku polisi msanga. Konseko adzafuna umboni, choncho kotesheni, malisiti, mauthenga a pafoni ndi zithunzi zisungidwe mpaka nkhani itatha.